Madzi akadzaza phanga, udindo susambira

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, mvula yayandikira, ndipo ine ndikufuna tikambirane nkhani ya kutali, ya ku Thailand. Ambiri munaimva pa wailesi kapena munaiona pa Facebook mu 2018: anyamata 12 a timu ya mpira pamodzi ndi mphunzitsi wawo anatsekeredwa ndi madzi m'phanga la pansi pa phiri, ndipo onse 13 anatuluka amoyo. Anthu amakonda kuisimba ngati nthano ya kulimba mtima. Kulimba mtimako kunalipodi, sindikukana. Koma ine ndikaiwerenga ndimaona kuti ana aja anapulumuka cifukwa akuluakulu a maudindo analola kuuzidwa zocita ndi anthu opanda udindo amene ankadziwa madzi a m'phanga, kenako akuluakuluwo n'kuvomera kusenza okha mlandu ngati zinthu zikanalakwika. Kwathu kuno timakonda kucita mosemphanitsa: bwana amasunga cisankho, mlandu n'kuutsitsira kwa wamng'ono.

Linali Loweruka, pa 23 Juni 2018. Atamaliza masewera okonzekera, anyamata a timu ya Moo Pa, dzina lotanthauza nguluwe, anapalasa njinga kupita kuphanga la Tham Luang, m'phiri la Doi Nang Non, m'boma la Mae Sai, pafupi ndi malire a Thailand ndi Myanmar. Wamng'ono anali ndi zaka 11, wamkulu 16. Anali ndi wothandizira mphunzitsi wa timuyo, Ekkapol Chantawong, wa zaka 25. Pakhomo pa phangalo panali cikwangwani cocenjeza kuti anthu asalowe kuyambira Julayi mpaka Novembala cifukwa ca madzi. Iwo analowa kutatsala sabata imodzi kuti Julayi afike. Mvula siwerenga cikwangwani. Inagwa paphiri, madzi anatsika m'ming'alu n'kudzaza njira imene analowera, ndipo madzulo ake anthu anangopeza njinga ndi nsapato pakhomo.

Ndiyambe ndi Ekkapol, cifukwa ndiye wofanana ndi ife. Wamkulu mmodzi, ana a eni ake 12, mdima, palibe foni, palibe womufunsa. Kwa masiku 9 palibe amene ankadziwa ngati ali moyo. Sanayese kuwasambitsa ana m'madzi amatope kuti athawe. Anapita nawo mkati mpaka anapeza malo okwera, n'kukhala pamenepo. Ankamwa madzi odontha m'miyala. Matoci ankayatsa mosamala kuti mabatire asathe. Ekkapol anakula ali wamasiye ndipo anakhala zaka zambiri m'nyumba ya amonke a Cibuda, conco anawaphunzitsa anawo kukhala phee, kupuma pang'onopang'ono, kuti mantha asawadye ndiponso kuti mphamvu zisathe msanga. Ndipo ankasinthana kukumba khoma la phanga ndi miyala.

Kukumbako kumandigwira mtima. Phiri lonse lija sakanaliboola ndi timiyala. Koma mphunzitsi aliyense amadziwa cimene cimacitika ana akakhala opanda cocita ali ndi mantha: mmodzi akayamba kulira, onse amalira, mmodzi akathamanga, onse amathamanga. Mwana amene ali ndi nthawi yake yokumba amadikira nthawiyo, sadikira imfa. Ku IFP tinaphunzira kukonza phunziro la mphindi 45. Palibe amene anatiphunzitsa kukonza tsiku la ana anjala amene sakudziwa ngati kunja kwaca kapena kwada, koma luso lake ndi lomwelo.

Kodi analakwa kulowa nawo ana m'phanga? Ine ndikuti inde. Wamkulu satenga ana a anthu kupita nawo malo otere makolo asakudziwa, kaya cikwangwani cikuti ciyani. Iye mwini, atapezeka, analemba kalata yopepesa kwa makolo. Yankho la makolo ndi limene ndikufuna inu makolo anzathu muone. Anamulembera kuti asadziimbe mlandu, ndipo anamuthokoza posamalira ana awo. Pa nthawiyo anawo anali adakali mkati, ndipo munthu amene ankawagwira mtima anali yemweyo. Kumuswa mtima tsiku limenelo kukanakhala kuswa ana awo omwe. Mlandu uli ndi tsiku lake.

Kunja, amene ankatsogolera nchito yonse anali bwanamkubwa wa cigawo ca Chiang Rai, Narongsak Osatanakorn. Anali atalamulidwa kale kusamukira ku cigawo ca Phayao, koma anamusiya kuti amalize nchitoyi. Anali ndi asilikali, apolisi, mainjiniya a madzi, ndiponso asilikali apamadzi a Thailand, anthu olimba ndi ophunzitsidwa bwino. Vuto linali lakuti kusambira m'nyanja n'kosiyana ndi kusambira m'phanga. M'nyanja, zikakuvuta umakwera pamwamba n'kupuma. M'phanga pamwamba pako pali mwala, madzi ndi amatope moti suona ngakhale dzanja lako, ndipo malo ena ndi opanikiza moti munthu amadutsa cokwawa.

Munthu wa ku Britain wokhala m'deralo, Vern Unsworth, amene anakhala zaka zambiri akuyenda m'phangalo, analemba maina papepala n'kupatsa akuluakulu a boma, kuwauza kuti aitane anthuwo msanga. Awiri mwa iwo anali Rick Stanton, wozimitsa moto wopuma pa nchito wa ku Coventry, ndi John Volanthen, wogwira nchito za makompyuta wa ku Bristol. Sanali asilikali. Kusambira m'mapanga inali nchito yawo ya pamtima, yocita Loweruka ndi Lamlungu. Taganizani dziko lokhala ndi gulu lake lankhondo likuuzidwa kuti nchito iyi aidziwa ndi azibambo awiri acikulire ovala makabudula. Poyamba panalidi kusamvana. Koma akulu athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo boma linawaitana. Anafika pa 27 Juni.

Tsiku lotsatira anakumana ndi cinthu cimene cinasintha maganizo awo onse. Atadutsa m'madzi, anapeza anthu anayi ogwira nchito ya mapampu amene madzi anawatsekera, kunja palibe amene ankadziwa. Anawatulutsa mmodzimmodzi pansi pa madzi, mtunda waufupi cabe, koma azibambo akuluakuluwo anacita mantha n'kumaphiriphitha. Stanton ndi Volanthen anaona ndi maso awo kuti ngati wamkulu akulephera kupirira kamtunda kakafupi, mwana wofooka ndi njala sangapirire maola. Zimenezi sakanazidziwa atakhala pamsonkhano m'hema.

Pa 2 Julayi usiku, awiriwa anavuuka m'cipinda cina ca phangalo, mtunda wopitirira makilomita awiri kucokera pakhomo, ndipo anaona nkhope za ana pamalo okwera. Apa pali cinthu cokhudza ife a tsamba lino. Osambirawo sankadziwa Cithai. Mphunzitsi ndi ana ambiri sankadziwa Cingelezi. Amene anamasulira anali Adul Sam-on, mnyamata wa zaka 14, wobadwira m'dera la anthu a mtundu wa Wa ku Myanmar, amene makolo ake anamuolotsa malire ali wamng'ono kuti akaphunzire ku Mae Sai. Ankalankhula Ciwa ca kwawo, Cibama, Cithai, Cichaina ndi Cingelezi. Analibe unzika wa dziko lililonse, monganso Ekkapol ndi anzake ena awiri. Boma la Thailand linawapatsa unzika mu Ogasiti, atatuluka. Kwa mphindi zimenezo, mwana wopanda mapepala uja ndiye anali mlatho wa onse. Mphunzitsi wake sanamuuze kuti khala cete akulu akulankhula. Tikamaona mwana wa m'malire akusakaniza Cinyanja, Cipwitikizi ndi Cingelezi ca pamsika, tizikumbukira kuti si mwana wosokonezeka.

Kuwapeza kunali kosavuta poyerekeza ndi kuwatulutsa. Dokotala wa asilikali, Pak Loharnshoon, ndi asilikali atatu apamadzi analowa n'kukhala nawo mpaka tsiku lomaliza, kuwadyetsa ndi kuwapaka mankhwala m'zilonda. Kunja ena ankati anawo akhale momwemo miyezi inayi, mvula ithe, azingowapititsira cakudya. Ena ankafuna kuboola phiri kucokera pamwamba. Magulu ena ankayenda paphiripo kusaka ming'alu yolowera. Mapampu ankapopa usana ndi usiku, mitsinje ya paphiri inapatutsidwa, ndipo madzi opitirira malita biliyoni imodzi anacotsedwa. Madziwo anakathera m'minda ya mpunga ya alimi a kumunsi, mbewu n'kumira, ndipo alimi ambiri anavomera kuti zitero. Ife alimi a cimanga tikudziwa kulemera kwa mawu amenewo.

Kudikira kunkaoneka ngati njira yopanda ngozi, ndipo ndi njira imene bwana woopa mlandu amasankha nthawi zonse, cifukwa munthu akafa pamene iwe sunacite kanthu, umati ndi tsoka. Koma mpweya wabwino m'cipinda ca anawo unali utatsika kufika pa 15 peresenti, pomwe kunja kuno umakhala pafupifupi 21. Mvula yaikulu inali m'njira. Ndipo pa 6 Julayi, Saman Kunan, msilikali wakale wa m'madzi amene anabwera mongodzipereka, anamwalira pobwerera atakasiya mabotolo a mpweya m'njira. Munthu wamphamvu, wodziwa nchito, anafera m'njira imene ana ankayenera kudutsa.

Apa ndipo panabwera maganizo oopsa: anawo agonetsedwe ndi mankhwala, avekedwe zophimba nkhope yonse zokhala ndi mpweya, manja amangidwe kumbuyo, ndipo aliyense anyamulidwe ndi wosambira mmodzi ngati katundu. Anaitana Richard Harris, dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni wa ku Adelaide ku Australia, amenenso amasambira m'mapanga, pamodzi ndi mnzake Craig Challen, dokotala wa ziweto. Harris sanabise kuti iye mwini ankaopa kuti anawo afa m'njira. Palibe amene anayesapo kugonetsa munthu n'kumudutsitsa pansi pa madzi motere. Sanawalonjeze akuluakulu a boma zokoma kuti asangalale, ndipo iwo sanamuthamangitse cifukwa conena zowawa.

Cimene boma la Thailand linacita pamenepa ndico cimake ca nkhani yonse kwa ine. Linavomera njira ya akatswiriwo, kenako linapatsa Harris citetezo ca malamulo kuti asadzaimbidwe mlandu ngati mwana atafa m'manja mwake. Tanthauzo lake n'lakuti: nchito ndi yanu cifukwa inu ndinu odziwa, koma cisankho tapanga ndife, ndipo cikalakwika anthu adzafunsa ife. Popanda mawu amenewa dokotala wanzeru akanakana, ndipo akanakhala ndi cifukwa.

Sanangolowa m'madzi. Anayesa kaye zophimba nkhope zija pa ana a m'deralo m'dziwe losambiramo, n'kuyeserera ndondomeko yonse pamtunda kuti aliyense adziwe poima ndi cimene anyamule. M'mawa wa pa 8 Julayi atolankhani ndi onse osafunika anacotsedwa pakhomo pa phanga. Tsiku limenelo anatuluka ana anayi, pa 9 anayi ena, pa 10 anayi otsala ndi mphunzitsi wawo. Mankhwala a ketamine amatha mphamvu m'thupi, conco osambira amene sanali madokotala anaphunzitsidwa kubaya jakisoni wina m'njira mwana akayamba kusuntha. Oyamba kutuluka anasankhana okha, ndipo akuti anatsogoza amene kwawo kunali kutali, poganiza kuti akatuluka apalasa njinga kupita kunyumba. Ana ndi ana. Bwanamkubwa sanalengeze maina a otuluka mpaka nchito itatha, kuti pasakhale mayi wovina pambali pa mayi wolira. Anakananso mwaulemu kacombo ka pansi pa madzi kamene Elon Musk anabweretsa, ponena kuti sikakanathandiza pa nchitoyi. Kukana mphatso ya munthu wolemera maso a dziko lonse akuona, si bwana aliyense angathe.

Wina anganene kuti tikuwatamanda cifukwa zinayenda bwino, ndipo akunena zoona pang'ono. Ana awiri kapena atatu akanafa, dziko likanati anacita misala. Mwayi unalipo: otsiriza atangotuluka, mapampu anasiya kugwira nchito ndipo madzi anayamba kukwera, anthu otsala m'phanga n'kuthawa. Imfa ya Saman Kunan sinali yokha. Msilikali wina, Beirut Pakbara, anamwalira mu Disembala 2019 ndi matenda a m'magazi amene anawatenga pa nchitoyi. Palinso cinthu cimodzi cimene sindigwirizana naco: akuluakulu sananene poyera pa nthawiyo kuti anawo ankagonetsedwa kotheratu, zinadziwika bwino pambuyo pake. Ndikumvetsa kuti ankaopa cipwirikiti, koma ine monga kholo ndikanafuna kuuzidwa zonse. Ngakhale zili conco, cisankho cimayezedwa ndi zimene munthu ankadziwa tsiku limene anasankha, ndipo pa tsikulo kudikira kunali imfa yocedwa cabe.

Tsopano tibwere kwathu. Ife tilibe mapanga odzaza madzi m'njira ya kusukulu, koma tili ndi mitsinje ndi makwawa otsika m'mapiri, ndipo caka ca sukulu cimayamba mvula ili pakati. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè ku Tete. Mu Malici 2023, Freddy atawoloka kwathu, matope ndi miyala zocokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Zimenezo ndi zazikulu zimene zinamveka pa wailesi. Zazing'ono sizimveka: kamtsinje kamene m'mawa mwana anawoloka madzi akulekeza m'akakolo, masana kadzaza cifukwa mvula yagwa kumtunda, kuno dzuwa likuwala. Madzi saiwala khwawa.

Pa ola limenelo pasukulu pamakhala mphunzitsi mmodzi kapena awiri ndi ana ambirimbiri. Adirekitori mwina apita kumsonkhano ku distritu. Netiweki yapita. Mphunzitsi amadzifunsa: ndiwatulutse msanga athamange mvula isanakule, kapena ndiwasunge? Akawasunga mpaka mdima, makolo adzamukalipira. Akawatulutsa mwana n'kukokoloka, adzanyamula yekha. Akawauza dzulo lake kuti a kutsidya asabwere, adzafunsidwa amene anamupatsa mphamvu zotseka sukulu. Mphunzitsi woikidwa pamalo otere amasankha cimene cingamuteteze iye, osati cimene cingateteze ana. Amaimba belu pa nthawi yake, cifukwa palibe amene anazengedwapo mlandu woimba belu pa nthawi yake.

Ndipo amene amaudziwa mtsinjewo nthawi zambiri si ife. Ambiri tinatumizidwa kudzagwira nchito kutali ndi kwathu. Wodziwa ndi agogo a dimba la m'mphepete, amene amayang'ana mtambo wa kumtunda ndi mtundu wa madzi n'kunena kuti lero usawoloke. Ndi mnyamata woweta ng'ombe amene amadziwa pamene pali mwala ndi pamene pali dzenje. Ndi amayi ocapa pamtsinje tsiku ndi tsiku. Anthu amenewa ndiwo a Stanton athu, koma pamsonkhano wa sukulu amakhala kumbuyo, ndipo msonkhano ukamacitika m'Cipwitikizi cokha satsegula n'komwe pakamwa. Safunsa anadya phula. Satifiketi yanga ya ku IFP siinandiuze kuti mtsinje wa kuseri kwa sukulu umatenga nthawi yaitali bwanji kudzaza mvula ikagwa kuphiri.

Sindikunena kuti adirekitori, amfumu kapena a ku distritu alibe nchito. Nchito yawo ndi yaikulu kuposa kupereka malamulo pa foni. Ndi ija ya bwanamkubwa: kunena pasadakhale, pamaso pa anthu, kuti mphunzitsi amene ali pamalopo ali ndi mphamvu yosunga ana, ndipo ngati wina adzadandaula abwere kwa ine. Ndi kuletsa cigulu cothamangira kumtsinje, aliyense akufuula lake, bambo wina n'kudziponya m'madzi kuti aoneke wolimba mtima. Ndi kuonetsetsa kuti uthenga wopita kwa makolo ndi umodzi, woona, m'cinenero cimene agogo akumva. Ndi kuwerenga ana ndi buku la maina m'manja, osati kungoyang'ana n'kuti onse alipo. Anthu anayi a mapampu aja anatsala m'phanga popanda wowasowa, pamalo pamene panali asilikali ndi apolisi ambirimbiri.

Inunso makolo muli ndi mbali yanu, ndipo ndi yovuta. Mwana akapanda kufika madzulo a tsiku la mvula, mtima umauluka. Koma ngati tagwirizana kale kuti mtsinje ukadzaza ana a kutsidya amagona kusukulu kapena pakhomo lakutilakuti la tsidya lino, mudzadziwa kumene ali ngakhale foni isagwire, ndipo simudzatuma mkulu wake kukamutenga mumdima. Mphunzitsi amene wasunga mwana wanu usiku wonse, mtsinje n'kupezeka kuti sunadzaze kwenikweni, musamunyoze m'mawa. Mukamunyoza, ulendo wina adzaimba belu.

Pamsonkhano wa khonsolo ya sukulu wa mwezi uno ndikapempha kuti tiitane anthu awiri kapena atatu odziwa mtsinje, akhale kutsogolo, alankhule m'Cinyanja, atiuze zizindikiro zimene amaona. Tikhome cikhomo pamalo owolokera, tipake utoto pamene madzi akafika palibe mwana wowoloka. Tilembe maina a ana onse a kutsidya ndi makomo amene avomera kuwalandira. Ndikapemphanso kuti adirekitori ndi amfumu asaine pepala lonena kuti mwana wojomba cifukwa ca madzi salembedwa kuti wajomba, ndipo mphunzitsi wosunga ana sayankha mlandu yekha. Kenako tsiku lina kunja kuli ngwee, tiyeserere ndi ana onse, kuyambira a kalasi yoyamba, tione kuti kuwasonkhanitsa ndi kuwawerenga kukutitengera mphindi zingati.